Mmene ndinadutsira masters ya agroecology

Masters ya agroecology, maphunziro a ulimi wotsatira mmene chilengedwe chimagwirira ntchito, nthawi zambiri ndi ya zaka ziwiri, koma munda umakupatsa nyengo imodzi yokha yolima. Chaka choyamba chimathera m'kalasi, miyezi yomaliza imathera polemba, ndipo mbewu simvera kalendala ya yunivesite. Zonse zimene ndinasankha ndinaziyeza ndi mfundo imeneyi.

Ndinayamba ndi kufufuza sukulu, ndipo sindinachedwe kuona kuti dzina la maphunziro lokha silikuuza zambiri. Mu 2009 Alexander Wezel ndi anzake analemba kuti agroecology ili patatu: ndi sayansi, ndi kalimidwe, komanso ndi gulu la anthu omenyera ufulu wa alimi pa mbewu ndi chakudya. Sukulu iliyonse imatsamira mbali yake. Ku yunivesite ya NMBU, ku Norway, ophunzira amapita kwa alimi maphunziro akangoyamba. Ku Coventry, ku England, kuli Centre for Agroecology, Water and Resilience, komwe nkhani za ndale ndi chilungamo pa chakudya zimakambidwa kwambiri. Kulinso sukulu ya ISARA ku Lyon, ku France, ndi yunivesite ya Wisconsin ku Madison, ku America. Ine ndinkawerenga mndandanda wa makosi, kenako mitu ya kafukufuku wa amene anamaliza kale. Mituyo ndiyo imaulula zimene sukulu imachitadi.

Za mapepala sindichulutsa gaga m'diwa: transcript ya digiri yoyamba, makalata a aphunzitsi okuchitirani umboni, zotsatira za mayeso a Chingerezi monga IELTS (sukulu zambiri zimafuna 6.5), ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira malo. Chenjerani ndi tsiku lotsekera sikolashipu, chifukwa kawirikawiri limafika msanga kuposa lotsekera malo. Ndisanatumize kanthu ndinalembera a pulofesa amene ndinkafuna kuti adzandiyang'anire, nditawerenga kaye zimene anasindikiza. Kalatayo inali yaifupi, yokhala ndi funso limodzi lenileni pa ntchito yawo.

M'kalasi tinaloweza mfundo 10 za agroecology za mu 2018 za FAO (bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi), mfundo 13 za mu lipoti la mu 2019 la HLPE (gulu la akatswiri a za chakudya), ndi makwerero asanu a Stephen Gliessman, oyambira pa kuchepetsa feteleza ndi mankhwala mpaka kusintha dongosolo lonse la chakudya. Nzofunika ndithu. Koma kosi imene inandipulumutsa ndi ya statistics ndi pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala yotchedwa R, yomwe ambiri tinkalowa nkhope zili gwaa.

Pa proposal, chikalata chofotokoza kafukufuku amene ukufuna kuchita, ndi pomwe panali nkhani. Mtima wanga unali pa chonde cha m'nthaka, kuona ngati kasakaniza amaonjezera carbon m'dothi. A pulofesa anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa, "Ndiye mukhala nafe zaka zingati?" Carbon wa m'nthaka amasintha pang'onopang'ono, moti kusiyana kwa nyengo imodzi kumamira m'kusiyana kwachibadwa kwa ngodya iyi ya munda ndi iyo. Nchifukwa chake munda wa Broadbalk ku Rothamsted, malo ofufuzira zaulimi a ku England, akhala akulimamo tirigu ndi kuyeza kuyambira 1843. Tinagwirizana funso loti nyengo imodzi ingayankhe: kodi chimanga ndi nyemba zikadzalidwa pamodzi zimatulutsa zochuluka kuposa zikalimidwa pazokha, ndipo katalikiridwe ka mizere kamasintha chiyani?

Popeza ndinkafunanso kucheza ndi alimi, panafunika chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu ochitidwa kafukufuku. Fomu imeneyi itumizeni msanga. Komiti imakumana pa nthawi yake, ndipo mafunso ofunsidwa chilolezo chisanatuluke sawerengedwa.

Munda ndinaugawa m'mabuloko anayi, ndipo m'buloko iliyonse ndime zinagawidwa mwa maere, njira imene Ronald Fisher anakhazikitsa ku Rothamsted komweko m'zaka za m'ma 1920. Cholinga nchakuti kadzalidwe kamodzi kasapezeke konse kumbali yachonde, nkumaoneka ngati nkabwino pomwe ndi dothi likukathandiza. Ndisanadzale ndinatenga dothi ndi auger (chitsulo choboolera nthaka), masentimita 20 a pamwamba, malo angapo pa ndime iliyonse, nkusakaniza m'ndowa. Dothilo limaumikidwa pamthunzi, kenako kusefa ndi sefa ya mamilimita 2, ndiye lipite ku labotale kukayeza pH (kuchuluka kwa asidi m'dothi), nayitrojeni ndi njira ya Kjeldahl, ndi carbon ndi njira ya Walkley-Black. Nambala ya ndime ndinkalemba kawiri, kunja kwa thumba ndi pa kapepala ka mkati, ndi pensulo, poti inki ikanyowa imafufutika, ndipo thumba lopanda nambala ndi dothi wamba.

Pokolola, mizere ya m'mphepete imasiyidwa, chifukwa imalandira dzuwa lochuluka ndipo imanamiza. Umakolola pakati, kuyeza kulemera, kuyezanso chinyezi cha njere kuti ndime zonse zifanizidwe pa mlingo umodzi. Kenako pamabwera Land Equivalent Ratio (LER), nambala yofanizira zokolola za kasakaniza ndi za mbewu zolimidwa pazokha. Tiyerekeze kuti chimanga cha m'kasakaniza chatulutsa 0.8 ya zimene chimatulutsa pachokha, nyemba 0.5. Kuphatikiza ndi 1.3, kutanthauza kuti wolima padera angafunike malo ochuluka ndi 30 peresenti kuti apeze zomwezo.

Nambalayi imakoma papepala, koma alimi amene ndinacheza nawo sankafunsa za iyo. Ankafunsa kuti kupalira kutenga masiku angati mizere ikathinana chonchi, apalire ndani, nanga nyemba zikacha msanga munthu alowa bwanji osathyola chimanga. LER imawerenga malo, siwerenga thukuta. Ndinali nditalemba m'kabuku maola a ntchito iliyonse pa ndime iliyonse, ndipo gawo limenelo ndi limene linapatsa mano thesis yanga, lipoti lomaliza la kafukufuku. M'maganizo anga, kafukufuku wa agroecology wosanena za ntchito, makamaka kuti ikugwera amayi kapena abambo, ndi wa theka.

Kulemba ndinayamba mbewu zidakali m'munda, gawo la njira zofufuzira ndi la zimene ena analemba kale. Zikanadikira kukolola sizikanatheka. Manambala onse ndinkasunga malo awiri tsiku lomwelo.

Tsiku loteteza thesis, woyesa wochokera ku yunivesite ina anafunsa ngati nyengo imodzi pa munda umodzi ingapereke malangizo kwa alimi. Ndinayankha kuti ayi, kenako ndinaonetsa mvula imene inagwa nyengoyo, mtundu wa dothi, ndi pomwe zotsatira zanga zikulekezera. Anandipatsa zokonza, zambiri za matebulo ndi mawu omwe ndinakokomeza. Nditakonza ndinapereka thesis ku laibulale, ndipo ndinalemba chidule cha masamba awiri m'chilankhulo cha alimi aja nkukawafotokozera pamaso, monga ndinalonjezera pa fomu ya chilolezo.