Zikomo kwa onse amene munagwira ntchito pa chionetsero cha zaumoyo

Chikondwerero cha yunivesite chotsanzikana ndi chisanu chatha, matenti tapinda, ndipo ife a komiti ya koleji ya zaumoyo tati tithokoze. Oimba ndi ovina manja awo analandira tsiku lomwelo. Lero tikuthokoza inu amene ntchito yanu sinafike pa nsanja.

Tiyambe ndi amene munasenza mipando. Ena ankati mipando yachuluka kutenti yoyezera BP, koma munthu amene wangofika, akuwefuka, ukamuyeza pompo nambala imakwera. Amayenera akhale phee mphindi 5, msana utatsamira, mapazi onse pansi osapingasa miyendo, mkono utagona patebulo molingana ndi mtima, ndipo asalankhule makina akamapopa. Lamba womanga pamkono nayenso amanamiza: wamng'ono akamangidwa pamkono waukulu amaonetsa BP yokwera pomwe ili bwinobwino. Zikomo anamwino amene munabwera ndi malamba a masaizi osiyanasiyana, ndipo munakana kuyeza pamwamba pa juzi ngakhale mzere unali wautali. Opezeka ndi 140/90 kapena kuposa munawayezanso patapita mphindi zingapo, ndipo simunathamangire kuwauza kuti ali ndi matenda. Kuyeza kwa tsiku limodzi, pakati pa phokoso, sikutsimikiza kanthu, n'chifukwa chake munawalembera kalata yoti akayezetsenso kuchipatala. Lamulo loti wofika 180/120 aonedwe ndi dokotala nthawi yomweyo munalisunga.

Kutebulo la shuga, ngwazi zinali ophunzira a chaka choyamba amene munaima ndi ndowa ndi sopo tsiku lonse. Pachikondwerero anthu amakhala atagwira zipatso ndi zotsekemera, ndipo kachala komata kamodzi kakhoza kukweza nambala mpaka munthu wabwinobwino n'kugwidwa mantha. Kusamba m'manja n'kupukuta mpaka kuuma ndiko kunateteza zimenezi. Obaya munabaya m'mbali mwa nsonga ya chala, pomwe sipapweteka kwambiri, osafinya mwamphamvu chifukwa madzi a m'thupi amasungunula dontho la magazi. Kasingano kamodzi munthu mmodzi, bokosi lotayiramo likafika magawo atatu mwa anayi n'kutseka. Timapepala toyezera munatisunga m'botolo lotseka, pamthunzi, poti chinyezi ndi kutentha zimatiwononga. Chomwe ambiri amaiwala inu munachikumbukira: malire a shuga wokwera m'magazi a 7.0 mmol/L ndi a munthu amene sanadye kwa maola 8, pomwe kwa amene wadya kale timayang'ana 11.1. Kufunsa kuti "mwadya nthawi yanji?" ndi theka la ntchitoyo.

Aphunzitsi amene munagwada paudzu ndi zidole zophunzitsira CPR (njira yotsitsimutsira munthu amene mtima wake waima), mawondo anu apole. Ana ndi agogo omwe anaphunzira kuika chikhatho pakati pa chifuwa, kukanikiza masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, kukanikiza ka 30 kenako kupumira kawiri. Ambiri amakanikiza mwamantha, mosafika pansi, kapena amatsamira pachifuwa osachilola kubwerera. Munawakonza mmodzimmodzi osatopa.

Zolakwika zinalipo. Tchati choyezera maso chimafuna mamita 6 enieni ndi kuwala kofanana, koma mphepo inkachigwedeza, ndipo dzuwa litapendeka linayamba kuthobwa oyezedwa m'maso. Zikomo akalipentala a yunivesite amene munachikhomera pathabwa n'kumata tepi pansi posonyeza poima. Cholakwa chachikulu ndi chathu a komiti: tenti ya uphungu tinaiyika pafupi ndi zokuzira mawu, anthu n'kumachita kukuwa pofotokoza zachinsinsi. Chaka chamawa ipita kumapeto kwa bwalo, khomo litayang'ana kumbali.

Osesa, alonda, oyendetsa galimoto ndi amene munamasulira m'chinenero chamanja, mulandire kuthokoza kwathu. Nanunso anansi athu amene munabwera ndi makolo anu n'kudikira moleza mtima, zikomo kwambiri.

Amene munapatsidwa kalata, musaisiye m'thumba la jekete. Pitani nayo kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene mukumwa. Ngati palembedwa kuti mukayezetse shuga musanadye, mugone osadya maola 8, koma madzi okha mukhoza kumwa.