Lachinayi la dzombe ndi mbatatesi

Kwacha magetsi asanayake, ndiye kompyuta ndaisiya, ndatenga kope ndi bolopeni n'kukakhala pakhonde. Nkhani yanga ya banja la ku Ireland lija yafika mutu wachinayi, ndipo patha masabata awiri ndili kakasi pa tsiku limodzi la mu Julaye 1874, tsiku limene dzombe linatera m'munda mwawo.

Kwa inu amene mwangotipeza: banjali ndi lopeka, koma malo ndi zaka ndi zenizeni. Mayi wa m'nkhaniyi anabadwira ku Mayo. Anali ndi zaka 7 mu 1847, chiwawu chitaoletsa mbatatesi m'minda ya ku Ireland, pa njala imene inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ena oposa 1 miliyoni n'kukwera zombo. Mwamuna wake wakumba malasha ku Pennsylvania, ku America, mpaka chifuwa chayamba kulira ngati chitseko. Kumeneko ndi kumene amva za John O'Neill, msilikali wakale amene ankayenda m'matauni a migodi kuuza anthu akwawo kuti ku Nebraska kuli malo. Lamulo la Homestead Act la 1862 linkati ulipire madola 18, umange nyumba, ulime zaka 5, ndiye maekala 160 ndi ako. Munthu amene bambo ake anathamangitsidwa pa kamunda ka lendi akanakana bwanji? Gulu loyamba linafika m'mbali mwa mtsinje wa Elkhorn mu Meyi 1874, ndipo anthu angawo ndawalowetsa m'gulu limenelo.

M'mawa wonse ndathera pa nyumba yawo. Kumeneko mitengo inali yosowa, udzu wokhawokha mpaka kumene maso alekezera. Ankadula nthaka yolukana ndi mizu ya udzu m'zidutswa zonga njerwa zikuluzikulu, n'kuzisanja udzu utaloza pansi. Mvula ikagwa denga linkadontha matope, ndipo ikasiya kunja, m'nyumba inkapitirirabe. Nkhuni zawo zinali ndowe zouma ndi udzu wopota. Ndalemba mayiyu akutuma ana kukatola ndowe ndi thumba, iye akukutumula mbewa pa nsalu imene anaipachika kudenga kuti dothi lisagwere m'mphika. Zimenezi zayenda bwino. Dzombe ndiye lakana.

Zimene linachita ndikuzidziwa. Linabwera ngati mtambo wotseka dzuwa, linadya chimanga mpaka phesi, anyezi kuwatsatira m'nthaka, zovala pa chingwe, ndipo sitima zinkaterereka pa njanji chifukwa cha dzombe lophwanyika. Koma mayiyo achite chiyani? Ndamuliritsa katatu, katatu konse ndafufuta. Misozi yake imaoneka yobwereka.

Cha m'ma 10 azakhali, amene abwera kudzaonana ndi dokotala wa maso, atuluka ndi tiyi wawo n'kufunsa chimene ndikung'ambira mapepala. Ndawafotokozera. Aseka mpaka tiyi kutayikira pa chitenje.

"Ndiwo zagwa kumwamba, iwo n'kumalira? Analibe chiwaya ndi mchere?"

Ndaseka nawo. Kenaka ndawauza kuti mayiyu anaona kale njala ali mwana, ndipo uwu ndi munda wake woyamba. Akhala chete, akupukuta chitenje.

"Ndiyetu sangalire, mwanawe. Mu 2002 ine ndinalira liti? Munthu amene njala anaionapo akaona munda ukutha amayamba kuwerenga. Matumba angati, pakamwa pangati, miyezi ingati. Kulira n'kwa amene akuiona koyamba."

Sindinayankhe. Ndangotsegula tsamba latsopano. Tsopano mwamuna ndi ana akuthamanga ndi mabulangete kufunditsa kabichi, akukoleza moto wa utsi, akukuwa. Mayiyo wagwada pa mzere wa mbatatesi, masamba atha kale, dzombe likumuyenda m'tsitsi, iye akufukula ndi zala kuti aone ngati pansi pali kanthu. Wapeza timbatatesi tonga mazira a njiwa, tolimba, tosanunkha. Akutinunkhiza kamodzikamodzi, chifukwa fungo la 1847 silinamuchoke m'mphuno. Akuwerenga m'chinenero cha kwawo, chimene ana ake sachimva. Masamba anayi atuluka ndisanaimirire.

Masana ndapita kumsika kukagula zophikira azakhali. Mnyamata wa pa mulu wa mbatatesi akuitanira, "Airishi wa ku Ntcheu, bwana, airishi!" Ndaima ngati wandiitana dzina. Zaka zonsezi timatchula mtundu wa anthu tikamagula ndiwo, osaganizako. Ndagula mulu umodzi, ndipo ndadzipeza ndikununkhiza imodzi. Mnyamatayo wandiyang'ana ngati ndikumunyoza katundu.

Madzulo ndi pamene mutu wawawa zenizeni. Ndimakonza ndondomeko ya mitu ya kutsogolo, ndafika 1877. Chaka chimenecho boma la America linasamutsa mokakamiza anthu a mtundu wa Ponca, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a kumeneko, kuchoka kwawo ku mtsinje wa Niobrara kupita kudera limene lero ndi Oklahoma. Anadutsa pa Neligh, tauni imene inali ndi chigayo m'mbali mwa Elkhorn yomweyo, makilomita oposa 60 kuchokera kwa anthu anga. Pamenepo panamwalira kamwana kakakazi, White Buffalo Girl, ndipo bambo ake anapempha anthu a m'tauniyo kuti azisamalira manda ake. Mpaka lero amawasamalira.

Ndikufuna bambo wa m'nkhani yanga akhale ali kuchigayoko tsiku limenelo, ndi ngolo yake ya tirigu. Iye anaonapo ali mnyamata denga la kwawo likugwetsedwa ndi anthu a mwini malo, amayi ake atakhala pamsewu ndi mphika. Tsopano akuona ngolo za anthu ena m'matope, asilikali ali pambali. Dzanja limandiyabwa kuti ndimusandutse ngwazi, aime pakati pa msewu, anene mawu akuluakulu. Koma ndikumudziwa munthuyu. Kwatsala zaka ziwiri kuti alandire chikalata cha malo ake, ndipo maekala 160 aja sanagwe kumwamba, analipo amene ankasakamo njati kale. Avula chipewa pamaliro, apereka mwina thumba la ufa, akwera ngolo, ndipo kunyumba akafunsidwa za ulendo adzangonena mtengo wa chigayo. Owerenga ena adzamuda. Inenso madzulo ano sindikumukonda kwenikweni, koma sindimusintha.

Magetsi ayaka 7 koloko itadutsa, ndipo ndilibe mphamvu zotaipa. Azakhali akazinga mbatatesi zija ndi anyezi, akudandaula kuti ndagula zazing'ono. Afunsanso ngati mayi uja wapeza zokwanira kufika nazo nthawi yozizira. Ndawauza kuti sindinawerenge. Ati ndiwerenge usiku uno, ndiwauze mawa tisanapite kuchipatala.