Kalendala ya ku Mars: povuta ndi pa nyengo

Wofuna kukonzera pulaneti lina kalendala amayamba ndi manambala awiri: kutalika kwa tsiku ndi kwa chaka. Ku Mars tsiku, lomwe akatswiri amalitcha sol, limatenga maola 24, mphindi 39 ndi masekondi 35. Chaka chili ndi masol 668.59, omwe ndi masiku pafupifupi 687 a dziko lapansi.

Nkhani ya wotchi siichedwetsa. A NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, amasunga maola 24 omwewo, koma ola, mphindi ndi sekondi amazitalikitsa ndi 2.75 peresenti kuti zikwane mu sol. Chofunika kusamala n'chakuti zida zoyezera zimagwiritsabe ntchito sekondi ya kuno, ndiye ukaphatikiza ziwirizi umasokoneza pafupifupi mphindi 40 tsiku lililonse. Amene ankayendetsa Curiosity, galimoto yofufuza ya NASA, itangotera ku Mars mu 2012 ankatsata nthawi ya ku Mars, ndipo pakangopita masol 18, ntchito yoyamba m'mawa inkapezeka ikuyamba usiku.

Miyezi ndiye ilibe poyambira. Mars ili ndi timiyezi tiwiri tam'mlengalenga, Phobos ndi Deimos: Phobos amazungulira Mars m'maola 7 ndi mphindi 39, Deimos m'maola pafupifupi 30, choncho palibe amene angawerengere miyezi ya pa kalendala pamenepo. Umangogawa wekha. Mu 1985 injiniya wina, Thomas Gangale, adakonza kalendala ya Darian: miyezi 24 m'magawo anayi, gawo lililonse miyezi isanu ya masol 28 ndi umodzi wa 27. Gawo limodzi ndi masol 167, onse pamodzi 668. Kotsala kaja ka 0.59 amakabweza powonjezera sol imodzi m'zaka zisanu ndi chimodzi pa khumi zilizonse. Zimenezi zimapereka 0.6, kupyola pang'ono, kotero pakatha zaka za ku Mars zoposa 100 pamafunika kuchotsako sol imodzi.

Masamu onsewa amatheka. Pamene pali nkhani ndi pa nyengo. Njira imene Mars imayendamo pozungulira dzuwa si yobulungira bwino, ndipo ikayandikira dzuwa imathamanga, ikatalikira imayenda pang'onopang'ono. Kumpoto kwa pulanetili, nyengo yoyamba kufunda imatenga masol 194, yotentha 178, yoyamba kuzizira 142, yozizira 154. Yerekezani ndi magawo ofanana a 167 aja: gawo loyamba limatha nyengo yake isanathe ndi masol 27, pafupifupi mwezi wathunthu. Kalendala yooneka bwino papepala, koma yosakuuza za kunja.

N'chifukwa chake asayansi sadalira miyezi. Amawerenga pamene Mars yafika m'njira yake, m'madigiri 0 mpaka 360, muyezo wotchedwa Ls. Pa 0 ndi pamene usana ndi usiku zafanana, kumpoto kukuyamba kufunda. Chapafupi ndi 251 Mars imakhala pafupi kwambiri ndi dzuwa, ndipo theka limeneli la chaka ndi limene kumabuka fumbi loopsa. Fumbi la mu 2018 lidaphimba dzuwa mpaka galimoto yofufuza ya NASA yotchedwa Opportunity, yomwe inkadalira magetsi a sola, idasiyiratu kulankhula.

Ine ndimaona kuti zonse ziwiri n'zofunika: miyezi yofanana pokonza malipiro ndi masiku opuma, Ls pokonza za magetsi ndi maulendo. Zaka nazo amaziwerenga kuchokera pa Ls 0 ya pa 11 Epulo 1955, pamene padayambira chaka choyamba.