Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Usiku wa pa mlatho wa Bakili Muluzi

Gawo lapitali tinalekezera pa maliro a amuna anga ndi mmene ndinatsalira ndi ana atatu m'nyumba yopanda ndi mpando womwe. Lero ndifike pa ulendo wanga woyamba wa ku Mangochi, m'mwezi wa Marichi 2012.

Amene munalipo nyengo imeneyo mukukumbukira mmene mafuta ankasowera, magalimoto kugona pamzere masiku awiri kudikira dizilo. Ine ndinanyamuka kwathu ku Ntcheu mbandakucha ndi K18,000 ya ngongole ya ku banki mkhonde, cholinga ndikaode usipa ku Makawa ndiyambe geni. Ndalamazo zinali ma K500 okhaokha, aja a nkhope ya John Chilembwe, poti K1,000 inali isanatuluke. Ndinazimanga pa kansalu n'kuziika pansi penipeni pa chikwama, pamwamba pake chitenje ndi Baibulo.

Ulendo wa theka la tsiku unadya tsiku lonse. Pa Liwonde minibasi inatitsitsa, akuti mafuta atha, ndiye tinakwera lole, anthu kuthithikana ngati matumba a chimanga. Pofika pa boma pa Mangochi kunali kutada bii. Nditatsika ndinapisa dzanja m'chikwama, zala zinatulukira kunja. Wina anali atacheka m'mbali ndi lezala. Kansalu kaja kunalibe.

Sindinalire. Miyendo inangonditenga mpaka pa nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, imene azungu anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Ndinakhala pansi ndikumva Shire akudutsa mumdima. Ndinene zoona, madzi amenewo ndinawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mayi wa ana atatu ayenera kuwayang'anira. Chiikireni amuna anga m'manda ndinali ndisanapempherepo. Kutchalitchi ndinkapita, nyimbo ndinkayimba, koma mumtima ndinali ndi mangawa ndi Mulungu, ndipo usiku umenewo ndinamuuza kuti wandionjeza.

Kenako ndinamva belu la njinga.

"Amayi, kwagwanji? Panotu si pogona."

Anali mnyamata wa kabaza, kumutu atavala kofia. Ndinamufotokozera mwachidule, mawu akutuluka movutikira. Anayang'ana chikwama chong'ambikacho, anapukusa mutu, n'kunena kuti, "Kwerani, ndikakusiyeni kwa mayi anga kwa Mponda. Za ndalama musadandaule."

Pano mpofunika ndiulule kanthu. Kwathu tinakula tikumva zambiri zokhudza Ayao ndi Asilamu, zina zoti lero ndimachita manyazi kuzibwereza, ndipo ndinkazikhulupirira ngakhale ndinali ndisanadyepo mbale imodzi ndi Msilamu. Choncho pa kaliyala wa njinga ija ndinakwera mtima ukugunda, ndikuwerenga mitengo ya m'njira kuti zikavuta ndidziwe kothawira.

Anatitsegulira ndi mayi wachikulire, koloboyi ali m'manja. Mwana wawo anawafotokozera m'Chiyao, iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kungoti, "Pepani, mwanangu." Usiku womwewo anakoleza moto. Ananditenthetsera madzi osamba, anaphika nsima, ndiwo zinali matemba ndi chigwada chotsala masana. Ndikudya iwo anatenga singano ndi ulusi, anayandikira pa koloboyi, n'kuyamba kusoka chikwama changa. Maso awo anali ofooka, ulusi unkaphonya pa bowo la singano kangapo, koma atandiona ndikutambasula dzanja anandikaniza kuti ndidye. Pogona anandipatsa mkeka wawo ndi neti yawo, eni ake anayala chiguduli pafupi ndi chitseko. Sanandifunse mtundu, sanandifunse mpingo.

Mbandakucha ndinadzidzimuka ndi azana wa ku mzikiti. Anganga, monga ndinamva adzukulu akuwaitana, anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, anayala kamkeka n'kuswali. Atamaliza ananyamula Baibulo langa, limene analitulutsa posoka paja, analipukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Nanunso pempherani kwanu."

Ndinatsegula pa Luka 10, nkhani ya Msamariya wachifundo. Nkhaniyi ndinaidziwa kuyambira ku Sande sukulu, ndipo nthawi zonse ndinkadziika pa malo a wodutsa m'njira, amene ayenera kusankha kuthandiza kapena kulambalala. Sindinaganizepo za munthu wogona pamsewu uja, wolandidwa zonse, amene anatsegula maso n'kupeza kuti womutsuka mabala ndi wa mtundu umene kwawo ankaunyoza. M'mawa umenewo munthuyo ndinali ine. Misozi imene inakana kutuluka pa mlatho inatulukira pamenepo, ndipo ndinapemphera koyamba patatha miyezi isanu ndi iwiri. Ndinapepesa kwa Yesu, za mangawa anga komanso za zimene ndinkaganizira anthu amenewa. Anganga anangokhala pambali panga akundisisita pamsana.

Ndinkati ndingopempha ya thiransipoti ndibwerere. Mnyamata uja anakana. Anandikweza matola ndi ndalama yake mpaka ku Makawa kwa mlamu wake, amene anali ndi khoka la chilimira, lija amapha nalo usipa usiku ndi nyali. Poti inali nyengo ya mvula, usipa wambiri pa mathandala unali wofutsa. Bambowo anamvetsera nkhani yonse, anandiyezera mabeseni awiri, n'kunena kuti, "Mukagulitsa mudzabweze, amayi." Popanda kalata, popanda chikole, munthu wosandidziwa ndi kwathu komwe.

Patatha masabata awiri ndinabwerera ndi ndalama yawo yonse komanso kathumba ka mbatatesi ya ku Lizulu. Anganga anaomba m'manja: "Sikomo kwejinji!" Amenewo ndiwo mawu oyamba a Chiyao amene ndinaphunzira.

Mu 2014 ndinasamukira konkuno ndi ana. Ndinalowa Mvano, ndipo amayi anzanga atafunsa utumiki umene ndingakonde sindinachedwe kuyankha. Madzulo ndikaweruka ku msika ndimazungulira pa depoti ndi pa nsanja paja. Sipatha mwezi osapezapo wina: mayi wochokera ku Namwera amene wodwala wake wamwalira ndipo alibe pogona, mtsikana wobwezedwa pa chipata cha Chiponde, agogo osochera. Ena abwino amandichenjeza kuti tsiku lina ndidzalowetsa wakuba m'nyumba. N'zotheka, ndipo kamodzi wailesi inapitadi. Koma kachipinda ka kuseri ndinakasiya dala, muli mkeka ndi neti.

Anganga anatisiya mu 2019. Chikwama chija ndikadali nacho, ulusi wawo woyera uli pa nsalu yakuda, mizere yokhotakhota. Gawo likubwerali ndidzakufotokozerani za maliro awo, ndi mmene amayi asanu ndi mmodzi a Mvano tinakagonera pa siwa pakati pa amayi a Chisilamu.