Mlonda wa m'botolo la mankhwala a m'maso

Mayeso a mwezi watha ndinalakwa funso limodzi lomwe mpaka pano likundinyansa ndikalikumbukira. Anatipatsa pepala la botolo la mankhwala odontheza m'maso, n'kufunsa kuti benzalkonium chloride amene walembedwa pansi penipeni, m'tizilembo ting'onoting'ono, ntchito yake ndi yotani. Ine mosachedwa ndinalemba kuti amapha tizilombo tomwe tayambitsa matenda m'diso la wodwalayo. Pepala litabwerako, aphunzitsi anali atazungulira yankho langa ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali pake mawu ochepa, otanthauza kuti mankhwalawa amateteza botolo, osati wodwala.

Ndimaphunzira zothandizira ntchito ya pafamase kuno ku Joni. Masana ndimakhala kuseri kwa kauntala, usiku ndiye ndimatsegula mabuku m'kachipinda kanga ku Yeoville, magetsi akakhalapo. Mabotolo amenewa ndimawagwira tsiku lililonse, ndimawaika m'mashelefu, ndimawakulunga m'timapepala, koma dzina lalitalilo ndinkangolidumpha ngati mmene munthu amadumphira mayina a m'buku la Numeri.

Ndiye ndinakhala nalo pansi sabata yathunthu.

Nkhani yake ili chonchi. Botolo la mankhwala a m'maso likamachoka kufakitale mulibe kachilombo ngakhale kamodzi. Koma tsiku lomwe mwalitsegula, mpweya umalowa, kamlomo kake kamakhudza nsidze, nthawi zina chala. Madzi a m'katimo akhoza kusanduka dziwe la mabakiteriya, ndipo inu n'kumadontheza dziwelo m'diso lomwe likudwala kale. Benzalkonium chloride amaikidwamo kuti akhale mlonda. Mankhwala ochiritsa ndi ena, iye ntchito yake ndi kuima pakhomo basi. Ndipo amamuika wochepa zedi: kawirikawiri 0.01%. Masamu akewo ndinawachita kangapo chifukwa sindinkakhulupirira. 0.01% ndiye kuti magalamu 0.01 m'mamililita 100, kapena kuti mamiligalamu 0.1 pa mililita imodzi. Botolo la mamililita 10 lili ndi miligalamu imodzi yokha. Gawo limodzi pa magawo 10,000. Kanthu kochepa ngati kameneko n'kumasunga botolo lonse.

Komabe mlonda amatopa. Ichi n'chifukwa chake timauza anthu kuti mabotolo ambiri a mtunduwu akatsegulidwa asapitirire masiku 28. Ndakhala ndikunena mawu amenewa pakauntala miyezi yambiri ngati chinkhwe, osadziwa chomwe ndikunena. Ndinakumbukira kabotolo ka agogo anga kwathu ku Mangochi, komwe kankakhala pa zenera chaka chonse, ndipo aliyense amene diso lamufiira ankati tamudonthezereni ka agogo kaja.

Mmene amaphera tizilombo ndi pomwe panandikoma. Kamolekyu kake, kutanthauza kachidutswa kake kochepetsetsa, kali ndi mutu ndi mchira. Mchira umakonda mafuta, mutu uli ndi chaji yamagetsi ya positive. Kunja kwa bakiteriya kuli chaji ya negative, ndipo positive ndi negative zimakokana, choncho mutu umakokeka n'kumata pamenepo, mchira n'kulowerera m'kakhungu kamafuta komwe kamakuta bakiteriyayo. Kakhunguko kakabooka, za m'kati zimatayika ngati thumba la mchenga lomwe lang'ambika, ndipo kachilombo kamafa. Gulu lonse la mankhwala otere amalitcha quaternary ammonium compounds, mwachidule ma quats. Cetrimide amene ali mu Savlon limodzi ndi chlorhexidine ndi wa banja lomweli. Dettol wamadzi abulauni uja ndi wina, m'menemo muli chloroxylenol.

Amene anaonetsa dziko kuti ma quats amapha majeremusi ndi Gerhard Domagk, wa ku Germany, mu 1935. Ndi yemwe uja anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1939 chifukwa cha Prontosil, mankhwala ochiza matenda a mabakiteriya, boma la Hitler n'kumukakamiza kuikana. Izi sizibwera pamayeso, ndangozikonda.

Tsopano chaji ija ya positive ndi imene inandikanganitsa ndi azakhali anga. Iwo akhala akugwira ntchito m'nyumba za anthu cha ku Randburg zaka zambiri, ndipo pa nkhani ya ukhondo palibe amene angawauze kanthu. Lamlungu lina titachoka kutchalitchi ndinawapeza kwawo ku Rosettenville akukolopa. M'ndowa anathira mankhwala ophera majeremusi, kenako sopo wamadzi wotsukira mbale, n'kuvundula mpaka thovu kusefukira. Ndinatenga botolo la mankhwalawo, kuona kumbuyo, dzina lija lili pomwepo.

Ndinati, "Azakhali, mukasakaniza chonchi mukuwapha mphamvu mankhwalawa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe, sukulu ya dzulodzuloyi ndiye uzindiphunzitsa kukolopa? Thovu lonseli sukuliona?"

Ndinayesa kufotokoza. Sopo wamba, kaya wamtanda kaya wamadzi wotsukira mbale, mamolekyu ake ali ndi chaji ya negative. Akakumana ndi benzalkonium chloride amagwirana okhaokha, ndiye amene amayenera kukamata bakiteriya wamata sopo. Pansi pamawala, fungo limamveka, koma mlonda wamangidwa manja. Njira yake n'kuyamba kutsuka ndi sopo, kutsukuluza, kenako n'kupaka mankhwalawo n'kuwasiya anyowe kwa nthawi yomwe yalembedwa pabotolo, osati kupukuta pompopompo. Ndinawonjeza kuti nsanza ya thonje imamwa ena mwa mankhwalawo, ndipo litsiro lambiri limawafooketsanso. Apa ndinaona kuti ndawonjeza kwambiri, nkhope yawo inali itasintha. Mawu a akulu akoma akagonera, koma a mwana sakoma ngakhale agonere.

Chomwe chinandidzidzimutsa kwambiri m'buku si cha sopo ayi. Ndi chakuti pali tizilombo tina timene timatha kukhala ndi moyo m'kati mwa mankhwala ophera tizilombo. Pseudomonas aeruginosa ndi Burkholderia cepacia amadziwika ndi khalidwe limeneli, makamaka mankhwalawo akasungunulidwa kwambiri ndi madzi a pampopi n'kusungidwa nthawi yaitali. Taganizani botolo lopopera lija timangoliwonjezera madzi likatsala pang'ono kutha, osalitsuka, mwezi ndi mwezi. Ndaliona m'masaluni a ku Hillbrow, ndaliona kwa ometa tsitsi pafupi ndi siteji ya matakisi, ndipo kunena zoona linali m'bafa mwanga momwe. Pseudomonas yemweyo akalowa m'diso amatha kuwononga galasi la kutsogolo kwa diso m'masiku ochepa. N'chifukwa chake m'mankhwala ambiri a m'maso mumapezanso disodium edetate, amene amathandiza kufooketsa khoma la kunja la mabakiteriya ouma mutu ngati amenewa kuti mlonda apeze polowera. Ma quats salimbananso bwino ndi kachilombo ka TB, ndipo njere za mabakiteriya zomwe amati ma spores sazipha. Ntchito zina zimafuna bulichi, ngati Jik.

Pali mbali ina yomwe aphunzitsi anaitsindika. Chinthu chomwe chimabowola khungu la bakiteriya sichingalisiyiretu diso la munthu. Wodontheza sabata imodzi nthawi zambiri sadandaula. Koma odwala glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso pang'onopang'ono, amadontheza tsiku lililonse kwa zaka, ena mabotolo awiri kapena atatu, ndipo ambiri amayamba kumva maso kuuma, kuyabwa ndi kufiira. Kwa otere alipo mankhwala opanda mlonda, amene amabwera m'timachubu togwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, koma mtengo wake ndi wokwera. Magalasi ofewa ovala m'kati mwa diso nawo amamwa benzalkonium chloride, choncho timauza munthu kuti awavule kaye, adontheze, adikire mphindi 15 asanawavalenso. Bambo wina wachikulire amene amabwera mwezi uliwonse kudzatenga mankhwala a glaucoma anandiuzapo kawiri kuti maso amamva ngati muli mchenga. Ndinkangoti pepani, ndi fumbi la mu Ogasiti. Ulendo uno ndinaitana amayi amene amandiyang'anira pantchito, ndipo iwo anamulembera kapepala koti akaonetse dokotala wake wa maso.

Kusukulu ndikulembanso gawo limeneli Lachisanu likubwerali. Ndadzilembera mayina ena a alonda pa katoni yomwe ndamata pakhoma: ma parabens ndi phenoxyethanol a m'mafuta odzola, benzyl alcohol wa m'majakisoni ena, yemwe saloledwa kwa makanda obadwa kumene. Amenewa sindinawalowe bwino.

Azakhali anandiimbira dzana usiku. Za kukolopa sanazitchule. Anangoti nditawawerengera zomwe zalembedwa kumbuyo kwa botolo lina lomwe abwana awo agula, anditumizira chithunzi pa WhatsApp, koma chajambulidwa mopendekeka ndipo tizilemboto sitikuoneka.