Tsiku langa ndi a Gagarin ku Moscow

Amene mukadzapite ku Moscow, chonde musadzangojambulitsa pa Red Square nkubwerako. Kwerani sitima yapansi ija mukatsikire pa siteshoni ya VDNKh, mukangotuluka panja muona chipilala chonyezimira chopindika chikuloza kumwamba, pansonga pake pali karoketi. Anachimanga mu 1964, chinakutidwa ndi titaniyamu ndipo ndi chachitali mamita 107, khosi limachita kuwawa ukamachiyang'ana. Pansi pa chipilalacho ndi pomwe pali myuziyamu ya za maulendo a m'mlengalenga yomwe anatsegula mu 1981. Ine ananditengera kumeneko ndi msuweni wanga amene akuphunzira udokotala konko, tinapita ndi mnzake wa ku Chipata, mnyamata wolongolola zedi koma wodziwa zinthu. Kunja kunali kukuzizira koopsa moti titalowa chinthu choyamba kunali kukasiya majekete kwa amayi ena osunga zovala, iwo amakupatsa kanambala kapulasitiki osamwetulira nkomwe.

Ife kusukulu tinangomva za Neil Armstrong ndi mwezi basi, Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita m'mlengalenga, linali dzina loloweza poopa mayeso. Ndiye mkatimu nkhani imayambira kutali, imayambira pa agalu. Belka ndi Strelka ali momwemo m'galasi, enieniwo, anawaumitsa atafa, tiagalu ting'onoting'ono ta ubweya woyererako tomwe mutakumana nato pa msika simungatiyang'ane kawiri. Anali agalu oyendayenda m'misewu ya Moscow, akatswiri ankati agalu otere anazolowera kale njala ndi kuzizira. Anapita m'mlengalenga pa 19 August 1960, anazungulira dziko tsiku lathunthu nkubwerako amoyo, kusiyana ndi Laika wa mu 1957 uja yemwe anamutumiza akudziwa kuti sabwerera, anafa patangopita maola ochepa chifukwa cha kutentha. Strelka pambuyo pake anaswa ana, kamodzi dzina lake Pushinka mtsogoleri wa Soviet Union Khrushchev anakapereka kubanja la Kennedy, pulezidenti wa America, ngati mphatso, mphatso yachipongwe ndithu eti, kumuuza mnzako kuti ngakhale galu wathu anakupitirira.

Koma pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa kampira ka mtundu wa Vostok, chombo chomwe Gagarin anakwera. Aise, ndi kampira basi, m'mimba mwake mamita 2.3, kukula kwake ngati nkhokwe ya chimanga ya banja laling'ono, ndipo mkati mwake mpando umodzi wadzaza malo onse. Munthu ankagona chagada pampandopo, kutsogolo kwake tizipangizo towerengeka ndi kadziko kozungulira komuonetsa pomwe ali, kenako timawindo tating'ono. Nchifukwa chake posankha gulu loyamba la anthu 20 mu 1960 ankafuna anyamata aafupi ndi opepuka, Gagarin mwiniwake anali wamtali masentimita 157 okha, ine ndi msuweni wanga bwenzi atatibweza pa geti. Pa 12 April 1961, ali ndi zaka 27, anamutsekera mu kampira kotere ku Baikonur, bwalo loulutsira maroketi la ku Kazakhstan, nkumuponya kumwamba, anazungulira dziko kamodzi, ulendo wonse mphindi 108.

Zimene zinandizizimutsa ndi zoti madokotala sankadziwa ngati mutu wa munthu ungagwire bwino ntchito kumwambako, ena ankaopa kuti achita misala. Ndiye zowongolera chombo anazikhoma, manambala otsegulira anawaika mu envulopu yomata kuti atsegule pokhapokha zinthu zitavuta. Pobwerera gawo la kumbuyo la chombo linakana kulekana bwinobwino ndi kampirako, mawaya anagwirabe, chombo chinayamba kuzungulira mopenga mpaka mawayawo atapsa. Ndipo Vostok sinkatha kutera ndi munthu mkati, imamenya pansi mwamphamvu kwambiri, choncho atatsala makilomita 7 kuti afike pansi mpando unamulavulira kunja iye nkutsika ndi parachuti yake. Anagwera m'munda m'chigawo cha Saratov, anthu oyamba kumuona anali mayi wina wapamudzi ndi kamdzukulu kake, tangoganizani mukugwira ntchito m'munda kenako munthu wovala zaolenji ndi chisoti choyera akubwera kuchokera kumwamba, kwathu kuno akanathawa mudzi wonse ndipo mfumu ikanaitanitsa bwalo. Boma la Soviet linabisa kwa zaka zingapo zoti anatsika payekha, poopa kuti malamulo a kalembera wa mbiri za ndege akana kumuwerengera.

Munthu ameneyu sanali mwana wa bwana ayi. Anabadwira m'banja la kumudzi wa Klushino, bambo ake kalipentala, mayi ake okama ng'ombe pa famu ya boma, nthawi ya nkhondo asilikali a Germany anawalanda nyumba iwo nkumakhala m'kachisakasa kadothi kuseri. Asanakhale woyendetsa ndege anaphunzira ntchito yosungunula zitsulo. Ukamayenda mu myuziyamu muja umaona kuti ambiri mwa oyambawo nkhani yawo ndi yomweyo, ana a anthu ovutika amene anakula nthawi ya nkhondo, mwina nchifukwa chake akauzidwa kuti lowa umu sitikudziwa ngati ubwerako ankangolowa.

Gherman Titov anatsatira mu August 1961, zaka 25 zokha, anakhala kumwamba tsiku lathunthu, ndiye woyamba kugona tulo m'mlengalenga komanso woyamba kuchita nseru konko, mbiri yachiwiriyi palibe angaisilire kkkk. Apa nkuti a America atangotumiza Alan Shepard mu May ulendo wa mphindi 15 wongokwera nkutsika, John Glenn anadzazungulira dziko mu February 1962.

Pa zithunzi za Valentina Tereshkova mpamene mkangano unabuka. Mayi ameneyu ankagwira ntchito mu fakitale ya nsalu ku Yaroslavl, kumapeto kwa sabata nkumakadumpha ndi parachuti kukalabu, ndipo luso limeneli ndi lomwe linamutengetsa poti Vostok imafuna wodziwa kudumpha. Pa 16 June 1963 anapita yekhayekha, anazungulira dziko maulendo 48, pafupifupi masiku atatu, nthawi yoposa ya amuna onse a ku America amene anali atapitako kuwaphatikiza pamodzi. Wa ku Chipata uja anangoti, "Amwene, musaiwale kuti nafenso tinali mu mpikisano." Amanena za Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi wa ku Zambia amene mu 1964, chaka chomwe Zambia ndi Malawi analandira ufulu, analengeza kuti atumiza anthu ku mwezi ndi ku Mars, pagulu lake panali mtsikana ndi amphaka, ndipo powaphunzitsa ankawalowetsa mu mgolo nkuwagubuduza pa chitunda. Msuweni wanga anaseka mpaka mayi woyang'anira chipindacho anatiyang'ana ndi diso loipa. Ine sindinaseke kwambiri, chifukwa ndinali nditangoona kampira kaja ndipo kunena zoona kusiyana kwake ndi mgolo kunali ndalama ndi mainjiniya, mtima wofuna kupita unali womwewo. Za Tereshkova chondikwiyitsa nchoti atamaliza kumugwiritsa ntchito yodzitamandira padziko, a Soviet anakhala mpaka 1982 osatumizanso mkazi wina, mpamene anapita Svetlana Savitskaya.

Nkhani yomwe inandigwira mtima kuposa zonse ndi ya Alexei Leonov. Pa 18 March 1965 iyeyu anakhala munthu woyamba kutuluka kunja kwa chombo, Voskhod 2, atamangidwa ndi chingwe. Anakhala kunjako mphindi 12, koma poti kulibe mpweya suti yake inafufuma nkuuma gwa, zala sizimafikanso kumapeto kwa magolovesi, ndipo atafuna kubwerera pa kakhomo kolowera zinakanika. Anachita chinthu choopsa, anatsegula valavu nkuyamba kutulutsa mpweya mu suti yake yomwe kuti ifewe, thukuta lili kamukamu, mpaka analowa. Mavuto sanathere pomwepo, makina owatsitsa okha anafa, mnzake Pavel Belyayev anachita kuwongolera pamanja ndipo anakagwera kutali ndi komwe ankawadikira, m'nkhalango ya chipale chofewa m'chigawo cha Perm. Anagona m'thengomo usiku uwiri, woyamba ali okhaokha m'chombo chopanda chitseko kukuzizira, opulumutsa anafika pa ma ski, timatabwa totsetserekera pa chipale chofewa, ndipo potuluka nawonso anayenda pa ma ski kukapeza helikopita. Leonov yemweyo anali wojambula zithunzi, anatenga mapensulo amitundu kumwambako nkujambula kutuluka kwa dzuwa. Wailesi ya boma inangolengeza kuti zonse zayenda bwino.

Kubisa kumeneku ndi komwe kumandilepheretsa kuwaombera m'manja akuluakulu a nthawiyo. Sergei Korolev, injiniya amene anapanga zonsezi, dzina lake silinkatchulidwa pagulu mpaka atamwalira mu January 1966, ndipo boma lomwelo linamumangapo mu 1938 nkumutumiza ku ukaidi wa kalavula gaga ku Kolyma. Valentin Bondarenko wa m'gulu loyamba lija anapsa ndi moto m'chipinda chophunzirira chodzaza okisijeni mu March 1961, anthu a ku Soviet Union anadzamva mu 1986. Mu 1964 anapanikiza anthu atatu mu Voskhod 1 opanda masuti owateteza chifukwa malo sanakwane, cholinga kungowapitirira a America. M'modzi mwa atatuwo, Vladimir Komarov, ndi amene anadzafa pa 24 April 1967 parachuti ya Soyuz 1 itakana kutambasuka. Gagarin sanamulolenso kupita kumwamba, anafa pa ngozi ya ndege ya MiG-15 pa 27 March 1968 ali ndi zaka 34, phulusa la awiri onsewa lili mu khoma la Kremlin, pa Red Square pomwe paja timajambulitsapo ma selfie.

Mbali ya za masiku ano ndinangodutsa mothamanga miyendo itatopa, muli chifaniziro cha siteshoni ya m'mlengalenga ya Mir chomwe umalowamo nkuona pogona ndi chimbudzi chawo, ana asukulu anadzaza pamenepo. Potuluka tinagula chakudya cha m'machubu ngati a mankhwala otsukira mano, poti Gagarin paulendo wake anadya nyama yopera ndi chokoleti kuchokera m'machubu otero. Ine ndinasankha borscht, supu yawo yofiira ya bitiruti ija. Yozizira, yofinya kukamwa, sindinaimalize, anamaliza ndi wa ku Chipata uja amene anati kuhostelo amadya zoposa apa kuipa. Mukadzafuna kupitako musadzapite Lolemba chifukwa amatseka, ndipo mudzasiyeko mphamvu zina zoyendera, kutsidya kwa msewu m'paki ya VDNKh kuli chifaniziro chathunthu cha roketi ya Vostok choimikidwa panja ndipo kuchiona nkwaulere.