Mbiri ya moyo wanga, gawo 4: Chaka chomwe ndinakhala kalasi imodzi ndi achemwali

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe tinasamuka ku Mchesi n'kukapeza nyumba ya lendi ku Chilinde. Lero ndinene za achemwali.

Iwo ndi aakulu kwa ine ndi zaka zisanu. Sukulu anayamba ndithu, koma mu 1990 anawabweza chifukwa cha fizi ali sitandade 2, ndipo sanabwererenso. Ababa ankalondera sitolo ina ku Malangalanga, ndipo kandalama kawo kankangokwana lendi, ufa ndi sukulu ya achimwene. Ndiye achemwali anasanduka dzanja lachiwiri la amayi: kutunga madzi, kukanda ufa wa mandasi mbandakucha, kubereka mwana wathu womaliza amayi akapita kumsika.

Pa 17 May 1994 kunachitika chisankho, a Bakili Muluzi n'kupambana, ndipo chaka chomwecho boma linalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, yunifolomu siyokakamiza. Ababa anamva pa wailesi ya MBC. Madzulo ake tikudya nsima anati, "Amake mwana, uyu abwerere ku sukulu. Boma lanena."

Amayi anayamba ameza kaye mbamu. "Boma lanena, chabwino. Nanga bomalo libwera kudzandiberekera mwanayu?"

Tinaseka tonse kupatula iwo. Panthawiyo ndinkaona ngati amayi akuuma mtima. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikuona kuti funsolo linali lenileni. Amene analemba lamulolo ku Capital Hill anawerenga ana amene anali kunja kwa sukulu, koma m'nyumba ngati yathu mwana woteroyo sankangokhala, anali pa ntchito.

Achemwali anapita komabe. Anawalemba sitandade 2, kalasi yanga, iwo ali ndi zaka 13 ine 8.

Chikhamu cha tsiku lotsegulira sindidzachiiwala. Ana opanda nsapato, ena atavala malaya a abambo awo ofika m'mawondo, atsikana ena atabereka azing'ono awo kumbuyo. M'dziko lonse ana a pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, koma makalasi anali omwe aja. Ife anatipatsa mtengo wa mango, bolodi ataliyedzamiritsa patsinde. Mvula ikangoyamba, sukulu yatheranso pompo. Aphunzitsi athu anali mnyamata wa m'dera mwathu momwemo, wongomaliza kumene Fomu 4, mmodzi mwa zikwizikwi omwe boma linawalemba mwachangu asanapite ku koleji ya uphunzitsi. Mwezi wapitawo tinkamuonerera akumenya mpira pabwalo, lero tikuti "sala". Ankayesetsa, osanama, koma mawu ake sankafika kumbuyo.

Ndipo kumbuyoko ndi komwe achemwali ankakhala, poopa kutchinga tiana. Anzathu ankawatcha "amayi a kalasi". Ine manyazi ankandigwira moti popita ndinkawasiya atsogole, ine n'kumabwera patali ngati sitidziwana. Izi ndikuzilemba mutu uli pansi.

Kunyumba zinthu zinathina. Amayi anayamba kupita kumsika ndi mwana kumsana, mandasi n'kumakazinga ochepa. Mu 1995 mitengo ya zinthu inakwera moopsa, kwacha itagwa, ndipo ndalama ya fizi yomwe tinkati tapulumutsa inathera mu shuga ndi mafuta ophikira. Basi anagwirizana kuti achemwali azipita ku sukulu m'mawa, masana azikakhala pa beseni. Masiku a malipiro, pomwe malonda amayenda, sukulu ankajomba. Palibe ankawafunsa. Ndani akanazindikira kuti pagulu lija pasowa munthu mmodzi?

Anafika sitandade 5, pomwe maphunziro onse ankasinthira m'Chingerezi, ndipo apo mwendo unakoka. Mu 1998 anasiya, chaka chotsatira n'kukwatiwa. Ine ndinapitirira mpaka ku sekondale.

Anthu akamakangana pa wailesi kuti sukulu yaulere inapha maphunziro, kapena kuti inatsegula maso a amphawi, ine pakamwa pamandilemera, chifukwa zonse ziwiri ndinaziona pa mkeka umodzi. Mwezi watha ndinapita kwa achemwali ku Area 36, n'kuwapeza pakhonde ndi kope la banki mkhonde. Ndiwo mlembi wa gulu lawo, ndipo amayi anzawo sakhulupirira masamu a wina aliyense. Ndinawafunsa kuti, "Achemwali, sukulu ya a Muluzi ija inakupindulirani chiyani?"

Sanadzutse n'komwe mutu. "Iwe, ukalembe kuti manotsi a sitandade 3 ndinkakukopera ndine, iwe uli kosaka mbewa. Usandisokoneze, ndikuwonkhetsa."

Ndalemba, achemwali. Gawo lotsatira ndidzanena za njala ya 2002, ndi usiku womwe ababa anagona pa mzere wa chimanga.